Kulima bowa wa lion's mane ku Mzuzu: mafunso ndi mayankho

Anthu amene anazolowera kulima bowa wa oyster kuno ku Mzuzu ayamba kufunsa za bowa wina woyera, wa maonekedwe achilendo, amene akumuona pa Facebook ndi pa TikTok. Ena akumufuna chifukwa anamva kuti ndi wokwera mtengo, ena chifukwa anauzidwa kuti amanola ubongo. Mayankho ali m'munsiwa ndi a munthu wa kachisakasa kuseri kwa nyumba ku Chibavi, ku Luwinga kapena ku Zolozolo, osati a mwini fakitale.

Kodi lion's mane ndi bowa wanji? Amapezeka m'tchire la kuno?

Dzina lake la sayansi ndi Hericium erinaceus. Kwawo ndi nkhalango za ku North America, ku Ulaya ndi ku Asia, kumene amamera pa mitengo yolimba yakufa kapena yovulala, makamaka oak ndi beech. Alibe chipewa, alibe mwendo. Amatuluka ngati chibulunga choyera chokutidwa ndi timinga tofewa tolendewera pansi, ndipo njere zake zimachokera pa timinga timeneto. Ku China ndi ku Japan akhala akumudya kuyambira kalekale, ndipo China ndiye amamulima kwambiri.

Pa bowa amene amayi amazula m'dzinja n'kuyala m'mbali mwa msewu wa ku Nkhata Bay, iyeyu mulibe. Pali kusiyana kwakukulu kumene kukuchititsa kuti tizikamba za kumulima. Ndelema ndi manyame amadalira mizu ya mitengo yamoyo ya m'nkhalango zathu, utale umadalira chiswe cha m'chulu, n'chifukwa chake palibe amene anawalimapo m'thumba. Lion's mane chakudya chake ndi mtengo wakufa. Mukamupatsa utuchi woyenera, amera ngakhale m'bafa.

Nyengo ya Mzuzu ikumuyenera?

Apa ndiye tili ndi mwayi woposa anzathu a ku Karonga, ku Salima kapena ku Chikwawa. Bowayu amabereka bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 16 ndi 22, ndipo kukapitirira 25 amayamba kuvuta. Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, mvula imachedwa kuleka, ndipo kuyambira Epulo mpaka Ogasiti kumakhala kozizira, kwa chifunga ndi mawawa. Zimene mlimi wa kumalo otentha amalipirira magetsi, ife timazipeza ulere.

Miyezi yovuta ndi Okutobala ndi Novembala, pamene masana kumatentha komanso mpweya umauma. Chisakasa cha malata pa nthawi imeneyi chimaphika bowa. Woyamba kumene asayambe m'miyezi iwiriyi. Usiku wa Juni ndi Julayi nawo uli ndi vuto lake: matumba amene mbewu (ulusi wa bowa womeretsedwa pa njere ngati mapira) ikuyanga amafuna madigiri 21 mpaka 25, choncho asungeni m'nyumba, pathandala, osati pasimenti yozizira. Kuzizira sikupha mbewu, kumangoichedwetsa.

Utuchi uli mbwee kwa ocheka matabwa. Nditha kungokatenga umenewo?

Funso limeneli ndi limene likugwetsa anthu ambiri, ndiye tikhalepo pang'ono. Matabwa ambiri a mu Mzuzu amachokera ku Chikangawa, ndipo nkhalango ya Viphya ndi ya paini. Paini ali ndi utomoni umene umalepheretsa bowa wamtundu uwu kuyanga bwino. Thumba la utuchi wa paini watsopano limakhala milungu osasintha, kenako chuku n'kulanda. Bulugama nayenso ali ndi mafuta ake onunkhira aja. Utuchi wake umafuna kuusiya panja miyezi ingapo, mvula n'kumaukokolola, ndipo ngakhale mutatero si woti muyambire.

Funani utuchi wa mitengo ya masamba aakulu. Wa mango ndi wabwino, wa malaina ungayesedwe, chimodzimodzi wa mitengo yachilengedwe imene akalipentala amapangira zitseko ndi mipando. Mtengo wa rabala, umene umalimidwa ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, ndi umene alimi a bowa ku Thailand ndi ku Malaysia amadalira kwambiri, choncho mukaupeza utuchi wake musausiye. Koma funsani kaye ngati matabwawo anali atanyikidwa m'mankhwala oteteza ku chiswe ndi anankafumbwe. Utuchi wa matabwa onyikidwa, opakidwa penti kapena vanishi, ngakhalenso wa mabolodi omata ndi guluu, usalowe m'chakudya cha anthu.

Vuto la kwa kalipentala n'lakuti pansi pa makina zonse zimasakanikirana: m'mawa apala paini, masana mbawa. Gwirizanani naye kuti tsiku limene akupala mtengo wolimba ayale thumba loyera pansi. Kangachepe koti agulire zoziziritsa kukhosi kamathandiza kuti asaiwale. Ndipo pasakhale wodula mtengo wa ku Kaning'ina pofuna utuchi. Zotsalira za akalipentala n'zokwanira.

Ndisakanize chiyani ndi chiyani?

Utuchi pawokha ulibe chakudya chokwanira, umafuna gaya. Pa thumba limodzi la makilogalamu awiri ndi theka, tengani magalamu 800 a utuchi wouma, magalamu 200 a gaya wa chimanga kapena deya wa mpunga, ndi madzi lita imodzi ndi theka. Zikatero chinyezi chimafika pafupifupi 60 peresenti. Ngati muli ndi gypsum (ufa woyera wochokera ku mwala wofewa), supuni imodzi pa thumba imathandiza kuti zisagwirane.

Sikelo ikasowa, yesani ndi dzanja. Finyani mwamphamvu: pazituluka kadontho kamodzi kapena tiwiri pakati pa zala. Madzi akachucha mwachulutsa, onjezerani utuchi wouma. Thumba lonyowa kwambiri limasasa pansi n'kumanunkha.

Alimi a ku America amakonda kusakaniza theka utuchi, theka makoko a soya, ndipo zokolola zimachuluka ndithu. Koma chakudya chikachuluka chuku nachonso chimakondwa, ndiye njirayi ndi ya amene ali ndi pressure cooker (poto wotsekeka kwambiri wophika ndi mphamvu ya nthunzi) basi. Gaya akhale watsopano, wouma, wosanunkha chuku.

Oyster ndimangotenthetsa mapesi m'mgolo kwa ola limodzi kapena awiri. Apa sizingatheke?

Ayi. Oyster ndi wolimba mtima, amayanga mwachangu n'kupitirira tizilombo totsala. Lion's mane amayanga mofooka, ndipo gaya amene mwathira ndi phwando la chuku ndi mabakiteriya. Zonse za m'thumbamo ziyenera kufa.

Njira yodalirika ndi kuphika matumba mu pressure cooker yofika pa 15 psi (muyeso wa mphamvu ya nthunzi), imene imatentha mpaka madigiri 121, kwa maola awiri ndi theka. Kuno kumtunda onjezerani theka la ola, chifukwa mpweya wa kuno ndi wopepukirapo ndipo potoyo safika ndendende pa 121. Pa chifukwa chomwecho madzi a mu Mzuzu amawira pa madigiri pafupifupi 96, osati 100 ngati kunyanja yamchere.

Amene alibe pressure cooker angagwiritse ntchito mgolo wa malita 200: madzi pansi, kathandala pamwamba pa madziwo, matumba pa kathandala, chivundikiro chokhala ndi kabowo kotulukira nthunzi. Nthunzi ikayamba kutuluka mwamphamvu, werengani maola osachepera 12, moto osazirala, ndipo gaya muchepetse akhale magalamu 100 okha pa kilogalamu ya zouma. Nkhuni zimapita zambiri, muwerengeretu zimenezo. Kabowo kaja musadzatseke poganiza kuti mgolo usanduka pressure cooker. Mgolo sunapangidwire zimenezo, umaphulika.

Matumba nawo akhale a polypropylene, amene amakhala ndi chizindikiro cha PP kapena nambala 5. Majumbo a kumsika amasungunuka. Ngati matumba anu alibe kasefa kopumira, lowetsani kukamwa kwa thumba m'kampete kodula ku paipi ya PVC, pindani, tsekani ndi thonje, ndipo pamwamba mangani pepala ndi labala.

Mbewu ndiipeza kuti?

Mbewu ya oyster anthu akhala akuipeza ku malo ngati Bunda ndi Bvumbwe komanso kwa alimi anzawo, koma ya lion's mane njosowa, ndipo ambiri amaitanitsa kunja. Musanaitanitse funsani za chilolezo ku nthambi ya kafukufuku wa zaulimi. Kuno ofesi yoyandikira ndi ya ku Lunyangwa. Mbewu ndi chinthu chamoyo. Ikakhala milungu m'basi kapena padzuwa paboda imafika itafooka kapena itafa, ndipo maonekedwe ake sangakuuzeni msanga.

Mukaipeza yabwino, ichulukitseni nokha pa mapira kapena mawere. Nyikani mapira usiku wonse, awiritseni pang'ono mpaka afewe koma asaphulike, aumitseni kunja kwake, ikani m'mabotolo agalasi okhala ndi chivundikiro chobowola chotsekedwa ndi thonje, phikani mu pressure cooker kwa mphindi 90. Akazizira thiranimo mbewu pang'ono. Botolo limodzi lingabereke ena khumi. Musapitirire mibadwo iwiri kapena itatu motere, chifukwa mbewu imayamba kufooka ndipo kachuku kamene kanabisala koyamba kamafalikira mabotolo onse.

Pothira mbewu m'thumba ndisamale chiyani?

Thumba lizizire kaye tsiku lathunthu. Mbewu ikalowa motentha imafa. Sankhani chipinda chopanda mphepo, tsekani mawindo, kolopani ndi madzi a jiki, ndipo pasakhale wosesa kapena wokuntha mphasa pafupi. Sambani, valani zoyera ndi masiki, pukutani manja, supuni ndi kunja kwa thumba ndi spiriti. Chothandiza kwambiri ndi bokosi lalikulu la pulasitiki yoonekera, lovundikira pa tebulo, loboola mabowo awiri olowetsa manja. Mkati mwake mpweya suyenda, ndiye fumbi siligwera m'thumba. Spiriti ndi kandulo musaziike limodzi m'bokosimo, moto wake suoneka msanga.

Pa thumba la makilogalamu awiri ndi theka thirani mbewu yokwana magalamu 150 mpaka 250. Tsegulani, thirani, tsekani mwachangu, kenako gwedezani kuti mbewu ifalikire paliponse. Lembani tsiku pathumba.

Papita milungu iwiri koma thumba silinayere ngati la oyster. Mbewu yafa?

Mwina ili bwinobwino. Ulusi wa lion's mane ndi wopyapyala, wotuwa pang'ono, moti munthu wozolowera oyster amaganiza kuti palibe chikuchitika. Yang'anani pafupi ndi tochi, mudzauona ukuyanga pakati pa utuchi. Gwirani thumba: ngati utuchi wayamba kugwirana kukhala chinthu chimodzi, ntchito ikuyenda. Nthawi zambiri pamatenga milungu iwiri kapena itatu, m'nyengo yozizira inayi.

Khalidwe lina la bowayu n'lakuti sadikira. Amayamba kutulutsa timibulu toyera pamwamba, mkati mwa thumba, mbali zina zisanayere. Mukaona zimenezo musadikirenso, nthawi yodula yakwana.

Ndidule pati, ndipo chisakasa chikhale chotani?

Pindani pulasitiki ya pamwamba kuti musatsale mpweya, imangeni ndi tepi, kenako dulani kamtanda ka masentimita awiri kapena atatu m'mbali mwa thumba ndi lezala loyera. Bowo limodzi limapereka chibulunga chimodzi chachikulu, mabowo awiri amapereka ziwiri zocheperako. Mabowo asanu amangomwaza mphamvu ndi kuumitsa thumba. Kudula m'mbali kuli bwino kuposa pamwamba chifukwa timinga timalendewera momasuka ndipo madzi sakhazikika pa bowa.

Chisakasa cha udzu, chokutidwa ndi pulasitiki mkati, cha mchenga pansi, chomwe chija cha oyster, n'chokwanira. Chinyezi chikhale pakati pa 85 ndi 95 peresenti. Nyowetsani mchenga, pachikani ziguduli zonyowa m'makoma, ndipo poperani madzi m'mwamba ndi m'makoma kawiri kapena katatu patsiku. Pa bowa penipenipo musapopere. Kuwala kokwanira kuwerenga nyuzipepala n'kokwanira, dzuwa lisamuombe.

Chimene ambiri amalakwitsa ndi mpweya. Pofuna kusunga chinyezi amatseka paliponse, ndiye mpweya umene bowa amapuma umadzaza m'chisakasa. Siyani mipata pansi ndi pamwamba, yotchinga ndi neti yakale yochapidwa bwino kapena sefa wa mawindo kuti tintchentche tisalowe.

Wanga akutuluka nthambinthambi, sakubulungika. Wina wasanduka wachikasu. Chalakwika n'chiyani?

Nthambi zimatanthauza kuti mpweya wabwino ukuchepa. Kulitsani mipata, kapena chepetsani matumba m'chisakasamo. Bowa wotere amadyedwa, kungoti sagulitsika bwino.

Chikasu kapena kufiirira kumabwera pa zifukwa zitatu: mpweya wauma, madzi amugwera, kapena wakalamba. Wachikasu amayamba kuwawa mkamwa. Wamng'ono akamaoneka wa pinki musadandaule, akamakula amayera.

Nanga chuku chobiriwira?

Chimenecho ndi Trichoderma, mdani wamkulu wa alimi a bowa kulikonse. Chimayamba choyera kwambiri, kenako n'kubiriwira. Thumba lotere musalitsegule m'chisakasa kapena m'chipinda chothirira mbewu. Litulutseni lili chitsekere, mukalikhuthulire kutali n'kukwirira. Kudula mbali yobiriwirayo sikuthandiza.

Malo amene chukucho chayambira amakuuzani gwero. Chikamera paliponse m'thumba, ngakhale pakati, simunaphike mokwanira. Chikayambira kukamwa kwa thumba, chinalowa pothira mbewu kapena thonje linanyowa. Chikatsatira njere za mapira, mbewu ndiyo inali yodwala, ndipo matumba onse a tsiku limenelo ali pangozi.

Ndikolole liti, ndipo thumba limabereka kangati?

Kuchokera tsiku lodula, pamatenga masiku 10 mpaka 14, kukazizira kwambiri kupitirirapo. Kololani timinga tikatalika theka la sentimita mpaka sentimita imodzi, bowa akadali woyera komanso wolimba mukamugwira. Gwirani chibulunga chonse, potozani pang'ono, chimathothoka chokha. Chotsani zotsalira pabowo kuti zisawole. Mukachedwa amathira njere zoyera ngati ufa pa mashelefu, ndipo njere zimenezi zimatha kuyambitsa chifuwa kwa anthu ena, makamaka a mphumu. Valani masiki m'chisakasa chodzaza.

Thumba limapuma sabata imodzi kapena ziwiri n'kuberekanso pabowo lomwelo. Ambiri amakolola kawiri kapena katatu, koma koyamba ndiye kochuluka. Thumba labwino la makilogalamu awiri ndi theka likakupatsani theka la kilogalamu pa zokolola zake zonse, mwachita bwino, ndipo powerengera phindu yambirani pansi pa pamenepo. Zotsalira zake ndi manyowa abwino a kudimba.

N'zoona kuti amachiza kuiwalaiwala ndi matenda a ubongo?

Pali pamene nkhaniyi inachokera. Akatswiri a ku Japan anapeza m'bowayu zinthu ziwiri, ma hericenone ndi ma erinacine, zimene mu labotale komanso pa mbewa zoyeserera zinaoneka kuti zimalimbikitsa kukula kwa minyewa ya ubongo. Mu 2009 kunatuluka kafukufuku wa ku Japan komweko pa anthu 30 a zaka 50 mpaka 80 amene anali atayamba kuiwala pang'ono. Theka la iwo linamwa mapiritsi a ufa wa bowayu, magalamu atatu patsiku, kwa milungu 16, ndipo linakhoza bwino mayeso kuposa theka linalo. Atasiya kumwa, patapita milungu inayi zotsatira zinayamba kutsikanso.

Anthu 30 ndi ochepa kwambiri kuti munthu aime pamsika n'kumalengeza kuti akugulitsa mankhwala a sitiroko kapena a khunyu. Maganizo anga ndi akuti timugulitse ngati ndiwo zabwino, chifukwa pamenepo palibe bodza. Kulemba pa paketi kuti akuchiza matenda kukulowetsani m'manja mwa bungwe la PMRA loona za mankhwala, ndipo choipa kuposa apo n'chakuti wina angasiye mankhwala a kuchipatala podalira ufa wanu. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi anthu amene akumwa mankhwala a shuga kapena ochepetsa kuundana kwa magazi afunse adokotala asanayambe kumwa ufa tsiku ndi tsiku. Amene bowa wina amawatulutsa ziwengo alawe pang'ono kaye.

Amaphikidwa bwanji?

Musamunyike m'madzi, amamwa ngati siponji. Mupukuteni, mudule zidutswa zochindikala ngati chala kapena mumunyotsole ndi manja. Muikeni m'chiwaya chotentha chopanda mafuta kuti madzi ake atuluke n'kuphwa, ndiye thirani mafuta pang'ono, anyezi, adyo ndi mchere mpaka afiire. Kakomedwe kake ambiri amakafanizira ndi nkhanu. Wotendera ndi nsinjiro amayenda bwino ndi nsima, bola muyambe mwamukazinga. Mukangomuwiritsa ndi tomato amakhala wofewa mopanda kukoma. Osamudya wamuwisi.

Ndikamugulitsa kuti? Anthu a mu Mzuzu amudziwa?

Ambiri sanamuonepo, ndipo pamsika waukulu wa Mzuzu mudzatha mawu kufotokoza. M'dzinja bowa wa m'tchire amadzaza motchipa, ndiye palibe amene angalipire mtengo wanu. Mwayi uli poti nyengo yabwino ya lion's mane kuno, Meyi mpaka Ogasiti, ndi imene bowa wa m'tchire watha.

Ogula oyamba ndi malo odyera ndi mahotela a mumzinda muno, malo ogona alendo ku Nkhata Bay ndi ku Chintheche, ndi mabanja a ku Lilongwe amene anamudyapo kunja. Mutengereni wophika wa pamalopo chibulunga chimodzi aphike alawe yekha, ndipo funsani kuti angafune zingati pa sabata musanachulukitse matumba. Wamuwisi amakhala pafupifupi sabata imodzi mu firiji, m'thumba la pepala. M'jumbo amachita thukuta n'kuterera. Sachedwa kuvulala, choncho paulendo muikeni m'katoni mosasanjikiza.

Wotsala muumitseni. Dulani mopyapyala, yanikani pa sefa pamalo odutsa mphepo mpaka azithyoka mukamupinda, sungani m'botolo lotseka. Makilogalamu khumi a wamuwisi amatsala pafupifupi kilogalamu imodzi. M'Juni wa chifunga dzuwa silidalirika, ndiye choumitsira cha pulasitiki kapena uvuni wotentha pang'ono zimathandiza kuti asachite chuku. Wofuna kuika ufa kapena wouma m'mashopu adutsire ku Malawi Bureau of Standards.

Sindinalimepo bowa aliyense. Ndiyambire pa ameneyu?

Yambirani pa oyster nyengo imodzi. Mudzaphunzira kusunga chinyezi, kuzindikira chuku ndi kupeza ogula mosataya ndalama zambiri. Amene oyster akumudziwa kale ayambe ndi matumba khumi okha. Sonkhanitsani utuchi mu Malichi, phikani ndi kuthira mbewu mu Epulo, kuti kudula kugwere mu Meyi kukuzizira. Ngati muli ndi utuchi wa mitundu iwiri, gawani matumba asanu asanu, lembani pa lililonse mtundu wa mtengo, kuchuluka kwa gaya ndi tsiku, ndipo yezani pa sikelo chilichonse chimene mwakolola.